Kanjedza wa Chaka Chatha

"Nanga phulusalo limachokera kuti?"

Funsolo linangomupulumuka pakamwa, ndipo kalasi yonse ya ubatizo inafa ndi phwete. Mayi ameneyu anzake anali atamupatsa kale dzina loti Mafunso, chifukwa dzanja lake silinkachedwa kukwera m'mwamba. Anakulira m'banja losapemphera, choncho zonse za m'tchalitchi cha amuna ake zinkamudabwitsa: chifukwa chiyani ansembe lero avala zobiriwira, mawa zoyera? Anayambitsa kugwada ndani? Koma masabata angapo apitawo anali atatseka pakamwa. Apongozi ake, omwe anali mkulu wa amayi osesa m'tchalitchi, anali atamudzudzula.

"Mukundichititsa manyazi," anatero apongoziwo. "Chikhristu si pakamwa ayi. Gwirani tsache, manja anu azikulankhulirani."

Akatekisiti anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi. Tsiku limenelo, mwamwayi, anali ndi mtima woyankha.

"Kalekale," anayamba, "Mkhristu akachimwa tchimo lalikulu ankavala chiguduli, n'kudzithira phulusa kumutu, n'kumaima panja pa khomo la tchalitchi mpaka Pasaka. Patapita nthawi mpingo unaona kuti wochimwa si mmodzi yekha, ndi tonse. Ndiye Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la nyengo ya kulapa ya Lenti, aliyense amapakidwa pachipumi, kukumbutsidwa kuti ndife dothi. Koma si phulusa wamba. Timatentha kanjedza wodalitsidwa uja tinanyamula chaka chatha poimbira Ambuye. Masamba amene tinamukupizira ndi chimwemwe, omwewo amasanduka phulusa la kulapa. Ndinawasunga bwinobwino m'katoni, kuseri kwa kabati ya zovala za ansembe."

 Katoni ija Mafunso ankaidziwa. Loweruka lapitalo, pofuna kusangalatsa apongozi, anasesa chipinda chovaliramo ansembe mpaka m'makona momwe tsache linali lisanafikemo. Kuseri kwa kabati anapeza katoni ya masamba ouma, odzaza fumbi ndi ndowe za mphemvu. Mtima unamuuza kuti afunse, koma anakumbukira mawu a apongozi. Anakaikhuthulira kudzala, n'kuyatsa moto pamodzi ndi mapepala a pulasitiki, makandulo otha ndi patapata wina wopanda mwini.

Kalasi itatha anawatsatira akatekisiti pakhonde, n'kuwauza zonse.

"Mwati chiyani?" Akatekisiti anakhala pa benchi ngati awakankha. "Inuyo? Inu amene mumafunsa ngakhale zosafunika kufunsa? Safunsa anadya phula, mayi!"

Apa Mafunso anapsa mtima. Akafunsa, walakwa. Akapanda kufunsa, walakwanso. Nanga munthu atani?

"Lero ndi Lamulungu," anapitiriza akatekisiti. "Timatentha Lachiwiri madzulo. Kanjedza wodalitsidwa akapanda kupezeka, ndikanena kwa ansembe kuti simunafike pozindikira zinthu zoyera. Ubatizo wanu udikira Pasaka wa chaka chamawa."

Chaka china chathunthu! Chaka china chokhala pa benchi ya kumbuyo anzake akupita kukalandira Mgonero wa Ambuye, amuna ake akumudumpha miyendo podutsa. Chaka china choti ukwati wake usadalitsidwe, apongozi azimutchula kuti "mlendo wathu uja" pomwe anawaberekera kale mdzukulu.

Kunyumba nkhani inali itafika kale, poti ya m'tchalitchi imathamanga kuposa mwini wake. Apongozi anali pa mpando wawo, pansi pa chithunzi cha malemu amuna awo, akusenda anyezi. Sanakalipe, ndipo ndi zimene zinapweteka kwambiri.

"Ine kusesa m'tchalitchi muja ndinayamba amuna anuwa asanabadwe," anatero osadzutsa mutu. "Sindinatenthepo chinthu cha Mulungu."

"Koma amayi, ndinu munandiuza kuti ndisamafunse."

"Ndinati musamafunse zopanda pake."

"Nanga chopanda pake ndichidziwa bwanji ndisanafunse?"

Apongozi anangoti, "Madzi akatayika saoleka," n'kupitiriza anyezi wawo.

Amuna ake, omwe ankayendetsa lole ndipo zinthu zonse ankaziona ngati tayala lophwa, anapeza nzeru msanga.

"Iwe, phulusa ndi phulusa. Tenga la pambaula apo, usefe bwinobwino, uike m'kabotolo. Kapena ndikuthyolere kanjedza kumsewu, tiumitse padenga. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine," anayankha Mafunso. "Mukufuna ndilowe m'Chikhristu ndi bodza pachipumi?"

"Ndiye zako izo, mkazi wanga. Walira mvula walira matope."

Lolemba m'mawa anabereka mwana, n'kutenga jumbo. Anali ataona kuti Akhristu ena amapita ndi kanjedza wawo kunyumba, kumupinda ngati mtanda n'kumusomeka kuseri kwa chithunzi kapena pamwamba pa chitseko. Anayamba kugogoda khomo ndi khomo.

Ha, anthu opemphera! Mayi wina woimba kwaya, wa mawu okoma ngati mngelo, anamuyankhira pawindo kuti wake anatha ndi makoswe, chonsecho mtanda wa kanjedza ukuoneka bwinobwino kumbuyo kwake pakhoma. Kalipentala anati apereka, koma anayamba kaye ulaliki wa momwe achinyamata a masiku ano akuwonongera mpingo, mpaka mwana kumsana anagona n'kudzukanso. Wogulitsa mankhwala anaseka mpaka misozi. "Ndinu munatentha? Ndiye mwatiyambitsira Lenti msanga!" Koma iyeyo anapereka masamba awiri. Ena anali kuntchito, ena anamasulira agalu. Ndipo pakhomo lililonse Mafunso ankayenera kufotokozanso kupusa kwake kuyambira pachiyambi.

Pofika Lachiwiri masana mapazi anali atatupa, ndipo m'jumbo munali timasamba tongokwana m'manja awiri. Anatsanulira pa tebulo la pabalaza n'kumatiyang'ana. Tikapsa timeneti, phulusa lake silingadzaze ngakhale supuni, pomwe tchalitchi chimadzaza mpaka panja. Anakhala pansi n'kulira, kulira kwa mkwiyo kumene munthu amalira mano ali gwa.

Apongozi analowa kuchokera kukhitchini, akupukuta manja. Anayang'ana timasambato, anayang'ana mapazi a mpongozi wawo.

"Mwayenda nyumba zonse?"

"Zonse zimene ananditsegulira."

"Yathu ino simunagogode."

Mafunso anadzutsa mutu. Kuseri kwa chithunzi cha malemu kunali mtanda wa kanjedza, wakuda ndi utsi wa zaka. Aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti umenewo sukhudzidwa ngakhale pokupa fumbi. Anaupinda ndi manja awo apongozi aamuna, Lamulungu la Kanjedza lomaliza limene anakwanitsa kuyenda okha kupita kutchalitchi.

"Umenewo ayi, amayi. Sindingapemphe."

"Lero ndiye mwasiya kufunsa?"

Apongozi anakoka mpando, n'kukwerapo okha akubuula ndi mawondo. Anausolola pang'onopang'ono, n'kuugwira kanthawi m'manja.

"Bambo anuwa anali ngati inu," anatero. "Mafunso osatha. Ansembe ankachita kuwathawa. Akanakhala moyo, bwenzi mukusokosera limodzi m'nyumba muno." Anauika pamwamba pa timasamba tija. "Kanjedza ntchito yake n'kupsa. Ndamusunga mokwanira."

Kenako anamanga mpango kumutu. "Tiyeni. Woimba kwaya uja tikamuonenso. Ine akandiuze pamaso kuti makoswe akwawo amasiya mtanda uli chilili."

Khomo limene linakana mpongozi silinathe kukana apongozi. Ankangoima pakhomo n'kunena kuti, "Wa malemu ndapereka. Wanu ndi wa golide?" Dzuwa lisanalowe jumbo inali itafufuma.

Akatekisiti anailandira kuseri kwa tchalitchi, pomwe anali atakonza kale chibeseni chachitsulo. Anaiyeza m'manja, n'kusuzumiramo.

"Ndi wochepa poyerekeza ndi uja," anang'ung'udza. "Koma tikapaka mosamala akwana. Dzina lanu likhala pomwe lili, mayi. Koma tsache lanu lisadzafikenso kuseri kwa kabati."

Anayatsa machesi. Masamba ouma aja anagwira moto kamodzin'kamodzi, ndipo mtanda wa malemu unapindika, n'kufiira, n'kugwera pakati pa anzake. Apongozi sanaphethire mpaka moto unazima.

Mafunso anayang'ana phulusa lija, funso lina likumuyabwa. Anayesa kulibweza, koma zinakanika.

"Pepani akatekisiti, nanga n'chifukwa chiyani Lenti imayamba Lachitatu, osati Lamulungu?"

Akatekisiti anapumira m'mwamba, n'kutembenukira kwa apongozi ngati munthu wopempha chithandizo. Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mukundiyang'ana chiyani ine? Muyankheni mwana wanga. Nanenso ndimve."