Munda Wothiriridwa mu Kompyuta

Mpunga wa mayi Zuleka unkauma uli chiimire, koma kompyuta ya ku ofesi ya sikimu ya ulimi wothirira inkati munda wawo uli ndi madzi okwanira.

Makinawa anabwera ndi Lawson, injiniya wa ku Lilongwe. Anaika timakina toyeza madzi m'ngalande zonse, ndipo mu kompyutamo munali sikimu ina yofanana ndendende ndi yeniyeniyo, ngalande zake, zitseko zake za madzi, minda yake. Ankati ndi mapasa. Madzi akachepa kumunda amachepanso mu kompyuta, ndiye wotsegula zitseko amadziwa kowatumiza.

Munda wa a Zuleka unali kumapeto kwenikweni. Chimwalirireni amuna awo, tcheyamani wa komiti, a Mcdonald, anali atanena kawiri konse kuti munda wa munthu wolephera kulima umapatsidwa kwa wina. Mlamu wawo wa a Mcdonald nayenso ankadutsa pamundapo akuuyeza ndi maso.

Lachitatu a Zuleka anazula phata la mpunga wouma n'kukaliponya patebulo la Lawson. Iye anawatembenuzira kompyuta, kuwaonetsa munda wawo uli buluu, madzi tho.

"Mpunga wa mmenemo ndi umene ndidyetse ana anga? Dzukani achimwene, mukaponde nokha."

Anayenda dzuwa lili paliwombo. Ngalande ya kumapeto inali ming'alu yokhayokha, ndipo pamene panali kamakina panangotsala chitsulo chomangirapo. A Mcdonald atafunsidwa anakanda mutu. Anati anaopa akuba, ndiye anakasunga m'nyumba ya katundu. Poti injiniya ananena kuti kazikhala m'madzi nthawi zonse, anakaika m'ndowa, ndipo m'mawa uliwonse ankaonjezeramo madzi.

Lawson anaseka mpaka kugwira nthiti. A Zuleka sanaseke. Anafunsa kuti mwa timakina tonseto, bwanji akuba ankafuna ka kumunda kwa mkazi wamasiye kokha.

A Zuleka anakavuula okha m'ndowamo, kukakakhazika m'ngalande youma ija, n'kukhala pambali pake miyendo ili tambalale. Lawson anati ayambe adikira kaye kompyuta isinthe.

"Ndadikira masabata atatu. Imbani foni atsegule."

Madzi anafika cha m'ma 3 koloko akukankha zinyalala. Mizere ya kumtunda inali itafa kale, koma ya kumunsi inali ikadali ndi moyo. A Zuleka sanachoke mpaka Lawson atamangirira kamakinako ndi loko, kiyi n'kuwapatsa iwo m'manja, a Mcdonald akuona.