Tochi Kunsi kwa Mpando wa Ahedi

Aphunzitsi anzake ankamutcha Madamu Phokoso, chifukwa kalasi yake inkamveka mpaka kugeti. Ntchito anali asanamukhazikitse, ndipo ahedi anamuuza mosapita m'mbali kuti abwera kudzaonera phunziro limodzi. Likadzakhala chipwirikiti chokhachokha, teremu ikatha adzanyamule zake.

Phunziro la tsikulo linali la kuchepa kwa zinthu ndi kusinthanitsa. M'mawa ana asanalowe, Madamu anabisa tinthu m'kalasimo: sopo kuseri kwa bolodi, kandulo m'dilowa, mapensulo pamwamba pa chitseko. Tochi yatsopano, yomwe aliyense akanaimezera mate, anaimata ndi selotepu kunsi kwa mpando wina wopanda mwini kumbuyo. Magulu a ana anali ambiri kuposa zinthu, mwadala, kuti wosowa akambirane ndi wopeza.

Belu litalira ahedi analowa, nkhope ili gwaa, n'kulunjika pampando womwewo. Chakudza sichiimba ng'oma. Madamu anachita mantha enieni, koma kuwadzutsa akuluwo sikukanatheka.

Ana anabalalika ngati nyerere. Sopo anapezeka, kandulo inapezeka, mapensulo anagwera wina pamutu. Anakwawa pansi pa madesiki onse, anasanthula ngakhale m'bini, mpaka anatsala malo amodzi okha. Phokoso linazima. Onse anaima mozungulira chapatali, maso ali pamiyendo ya mpando uja. Mwana woleredwa bwino angauze bwanji ahedi kuti tadzukani? Nawonso ahedi, poona kuti masewera afera panjira, anayamba kupukusa mutu. Madamu anaona ntchito yake ikutuluka pawindo.

Ndiye kamtsikana kena kolongolola, kamene anzake amakatcha Wailesi, kanapita kukagwada.

"Pepani ahedi, mpando wanga uli pawindo, pamapita kamphepo. Bwanji tisinthane?"

Ahedi anakayang'ana, kenako anapisa dzanja kunsi kwa mpando. Selotepu inalira. Anabweza dzanjalo lopanda kanthu n'kukhazikika bwinobwino.

"Kamphepo kokha? Iwe mwana, mpando ndi umodzi, oufuna ndinu nonsenu. Ukundiyesa wogona?"

"Ife tiwonjezera sopo!" anakuwa mnyamata wa gulu lina.

"Ife kandulo ndi mapensulo!"

"Mapensulowo ndi athu, wakuba iwe!"

Phokoso limene linabuka pamenepo linaposa la masiku onse, ndipo wolikolezera anali ahedi eniake. Ankakana uyu, kunyogodola uyo, kufunsa wina ngati tochi ingamuchapire yunifolomu sopo akapita. Gulu la sopo linanong'onezana n'kubwerera m'mbuyo, lati bola ukhondo. Madamu sanataye mwayi, anathamangira kubolodi n'kumalemba zimene anawo ankanena okha: chikachepa chimakwera mtengo, ukatenga ichi wasiya icho.

Mpando unapita kwa Wailesi, atagwirizana ndi magulu awiri kuti tochiyo azibwerekana. Ahedi anadzuka, n'kusiya katundu yense amene anawina patebulo.

Pakhomo anatembenuka, nkhope itabwerera mwakale.

"Madamu, kalasi yanu ndi yaphokoso kwambiri."

"Pepani, bwana," anayankha Madamu.

"Teremu ikubwerayi muzindiuziratu pamene mwabisa. Ndizibwera ndi mpando wanga."