Mota ya Vaileti

Ku Kaliyeka, pa ploti ya malemu Yona, mawu omwe ankamveka kuposa moni anali akuti, "Yapita!" Osati magetsi ayi, amenewo anthu anatopa nawo kalekale. Imene inkapita inali wayifayi ya Pemphani.

Pemphani anali mng'ono wake wa Yona. Anabwera kuchokera ku Area 23 kudzathandiza maliro, ndipo mpaka lero akuthandizabe. Analowa m'nyumba yaikulu ndi mkazi wake Rejoice, n'kusunthira Vaileti, mkazi wa malemuyo, m'kachipinda kakuseri pamzere wa alendi. "Kuti mupumeko, alamu," anatero. Vaileti ananyamula makina ake osokera, n'kukawaika patebulo pafupi ndi zenera.

Makinawo ndiwo ankamudyetsa. Choponda chake chinathyoka kalekale, ndiye Yona anagula mota yamagetsi, n'kuimanga yekha Loweruka lina, akutukwana masikuluwu, mkazi wake akumuseka. Vaileti akagunda pedulo ya motayo ndi chala cha phazi, makina ankathamanga okha. Mwezi umenewo sukulu zinali pafupi kutsegulidwa, ndipo nsalu za mayunifomu zinali mulu pabedi. Azimayi a m'deralo anamupatsa ntchitoyo chifukwa mzere wake unali wowongoka, komanso chifukwa ankamumvera chisoni.

Pemphani naye anali ndi bizinesi: kugulitsa wayifayi kwa alendi. Rauta, kachipangizo kotulutsa wayifayiyo, inali pabalaza, koma makoma a njerwa zootcha ankatchinga wayifayi kuti isafike kuseri. Munthu uja anagula mabusita awiri, timabokosi toyera tolandira wayifayi mumpweya n'kuipititsa patsogolo. Anagulanso mapulagi odutsitsa intaneti m'mawaya a magetsi, kuchoka pasoketi ina kukatulukira pa ina. Ndiye mwanzeru zake, busita iliyonse anaisiya izilandira mumpweya, n'kuilumikizanso ndi waya ku pulagi.

"Njira ziwiri!" ankadzitama pakhonde. "Ina ikatseka, ina itsegula. Izi zimafuna mutu."

Mutu wake womwewo! Timabokosito tinasokonezeka ngati mwana woitanidwa ndi bambo ndi mayi nthawi imodzi. Intaneti inkabwera, kenako zii. Alendi ankakuwa kuti yapita, Pemphani n'kutuluka thukuta lili kamukamu. Anazimitsa n'kuyatsa. Anapachika rauta pamsomali pafupi ndi denga. Anasintha pasiwedi, ati ana a kwa aneba akumubera. Anachotsa mapulagi pa ekisitenshoni n'kuwabaya pakhoma penipeni. Ayi ndithu, inkapitabe.

Tsiku lina masana Pemphani anaima pakhomo la Vaileti, maso ali pafoni. Vaileti anagunda pedulo, makina analira, ndipo nthawi yomweyo mlendi wina anakuwa, "Yapita!"

"Eyaa! Ndachigwira!" anatero Pemphani, akumwetulira mpaka mano a m'mbali. "Ndawerenga pafoni, alamu. Mota imadetsa mawaya a magetsi. Ndiye ine ndikuvutika chonchi, mdani ali m'nyumba momwemuno?"

Vaileti sanatsutse, chifukwa za mawaya sankazidziwa. Koma Lamulungu anazula pulagi ya makina, n'kukhala pakhomo tsiku lonse manja ali pamiyendo, akumvetsera. Intaneti inapita m'mawa. Inapita anthu akuchokera kutchalitchi. Inapita mpira uli mkati, mpaka mlendi wina anamenya chitseko ndi chibakera. Vaileti anasangalala, zoona, anasangalala ndi tsoka la eni ake.

Lolemba anapita kukhonde la nyumba imene kale inali yake, n'kunjuta.

"Alamu, dzulo sindinasoke ngakhale batani. Koma inkadukabe."

"Za netiweki mwaziyamba liti, alamu?" Pemphani anafunsa osamuyang'ana. "Mota ikadetsa mawaya, litsiro limatsalira. Tiyichotse kaye, tingoyesa. Ndikubwezerani."

"Ndili ndi mayunifomu a ana a eni."

"Manja muli nawo awiri."

Analowa ndi sikuludiraiva. Masikuluwu amene Yona anawamanga akutukwana, mng'ono wake anawamasula akuimba mluzu. Vaileti anaima pakona akuonerera ndi mkwiyo, koma akanakadandaula kwa yani? Abale ake anali kutali ku Mulanje, ndipo pa ploti imeneyi mawu anali a Pemphani.

Vaileti anayamba kusoka pozungulitsa gudumu ndi dzanja lamanja, lamanzere likuwongolera nsalu. Amene sanayesepo asanene kanthu. Phewa linkayaka moto, mzere unkapita uku ndi uku, ndipo diresi limene kale linkatha madzi a tiyi asanawire tsopano linkadya tsiku. Mulu wa pabedi sunkatsika.

Woyamba kubwera anali mayi a Chisankho, mnzake wa kukwaya. Anatenga siketi imodzi, n'kuyang'ana mpendero wake wokhotakhota, n'kupuma mozama.

"Amayi, maliro tinalira limodzi, koma mwana wanga sangapite kusukulu atavala chisoni. Ndipatseni nsalu yanga."

Ena anatsatira. Nkhani ku Kaliyeka siikwera minibasi, imafika yokha. Ankalowa ndi moni wautali, n'kutuluka nsalu ili m'khwapa, kupita nayo kwa telala wa pamsika. Vaileti anachita manyazi oti sanawamvepo chibadwire.

Nanga wayifayi? Inkapitabe, mwinanso kuposa kale. Pamzere wa alendi panaonekanso kabokosi koyera kachitatu, nako kolumikizidwa njira ziwiri, koma phokoso la "yapita" silinathe. Vaileti atafunsa za mota, Pemphani anangoti, "Tikuyesabe."

Kenako phokosolo linatha. Tsiku linadutsa, lina n'kudutsanso, osamva munthu akukuwa. Chifukwa chake Vaileti anachimva pampopi, kwa Rejoice, amene pakamwa pake sipasunga kanthu.

"Alamu, musaseke! Ine ndikukolopa, ndinakola waya uja wochoka pa busita kupita ku pulagi, n'kuzuka. Basi intaneti njo, osagwedezeka! Abambo aja atafufuza anazula mawaya onsewo, ati zinthuzo zimalimbana zokhazokha. Kachitatu kaja achotseratu, ati n'kosafunika. Koma musakanene kuti ndakuuzani."

Vaileti anasiya ndowa ikusefukira. Anapeza Pemphani pakhonde akudya chinangwa, miyendo ili pampando.

"Alamu, ndabwerera mota yanga. Intaneti yanu yachira."

"Mwaona nokha," anatero akutafuna. "Chichotsereni mota ija, zinthu zili myaa."

"Inkadukabe mota mutachotsa. Vuto linali mawaya anu. Ploti yonse ikudziwa."

Pemphani anasiya kutafuna. Anayang'ana kumpopi komwe kunali mkazi wake, n'kuyang'ananso Vaileti. Manyazi pankhope pake panalibe, panali kunyansidwa kokha, ngati munthu amene ntchentche yamugwera m'tiyi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabokosi koyera kachitatu kaja, waya wake ukulendewera.

"Mota ndinasinthitsa kwa mnyamata wa zamagetsi mutauni. Anandipatsa aka." Anakaika m'manja mwa Vaileti. "Tengani, ndi kanu. Musadzati ndinakuberani."

"Alamu, ija anandimangira ndi akulu anu."

"Akulu anga anapita, alamu. Komanso kachipinda kaja pali mlendi akukafuna. Poti kusoka mwasiya, muziganizirako za kumudzi."

Kabokosiko kanali kopepuka ngati mulibe kanthu. Vaileti anakagwira ndi manja awiri, n'kuyenda nako kudutsa pamzere wa alendi. M'zipinda monse anthu ankaseka ndi mafoni awo, mavidiyo akuyenda osadukiza. Palibe anatukula mutu.

M'chipinda mwake, pabedi panatsala nsalu imodzi yokha, ya mwana wina amene mayi ake anali asanamve nkhaniyo. Vaileti anaika kabokosiko patebulo, pambali pa makina, pomwe utoto unali wowala chifukwa mota inkaphimbapo. Analira pang'ono, osatulutsa mawu, kuti a khomo linalo asamve. Kenako anapukuta maso ndi chitenje, n'kulowetsa ulusi pasingano, n'kugwira gudumu ndi dzanja lake lotupa.