Uthenga Umene Sunapite ku Kitwe

Ba Lastone anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata, kudzagwira ntchito pa fakitale ya nsalu. Fakitale itatsekedwa anzawo ambiri anabwerera kumudzi, koma iwo anatsala ku Kafue konko, mu komboni ya Nangongwe, akukonza mawailesi ndi mbaula zamagetsi pakhonde. Chesi anaiphunzira kufakitale komweko, ndipo ndi iwo amene anaibweretsa pa shopu yometera tsitsi ya mnzawo wakale, ba Gideon. Poyamba anthu ankaseka, amvekere ndi masewero a anthu osowa chochita. Patapita zaka, benchi ya kutsogolo kwa shopuyo inayamba kudzaza madzulo aliwonse, ena akusewera, ena akungoloza ndi milomo kumbuyo kwa osewera.

Mwa onse amene ba Lastone anawaphunzitsa, wakuthwa koposa anali mwana wawo yemwe, Dainess. Masana ankagulitsa mbewu ndi mankhwala a ziweto mu shopu ina pafupi ndi msika, akaweruka n'kudzakhala pa benchi pakati pa amuna. Sankalankhula akamasewera. Ankangogwira chibwano, n'kumadikira kuti ulakwitse.

Chaka chimenecho timu ya Kafue inapeza malo koyamba mu mpikisano wa matimu a dziko lonse, umene unachitikira ku Kitwe. Timu iliyonse inali ndi osewera anayi, aliyense pa bolodi yake. Kaputeni Jackson, mphunzitsi wa masamu wa ku Kafue Estates, anatenga bolodi yoyamba, Dainess yachiwiri. Ba Lastone anafunitsitsa kupita nawo, koma miyendo inali itatupa ndipo akazi awo, ba Melody, anakana kwamtuwagalu. Anangowaperekeza pa siteshoni ya mabasi.

Zotsatira zinkabwera pa gulu la WhatsApp limene ba Gideon ankayang'anira. Lachisanu Kafue inagonja kwa timu ya asilikali, atatu kwa mmodzi, ndipo mmodziyo anali Dainess. Pa shopu panali phokoso.

"Jackson amaopa yunifomu," anatero Mapalo, mnyamata woimba kwaya kutchalitchi amene sankatha kunong'ona. "Akangoona msoja, mutu umaima. Bolodi yoyamba apatse Dainess chabe!"

"Iwe unawinapo ndani?" ba Gideon anamufunsa, makina ali pamutu pa kasitomala.

"Ine ndine sapota, ba Gideon. Sapota saluza."

Loweruka zinthu zinatembenuka. M'mawa Kafue inakwapula ophunzira a ku yunivesite, masana inagonjetsanso timu ya ku migodi, n'kukwera kufika pa nambala yachitatu. Jackson anatumiza mayendedwe onse a gemu ya Dainess, ndipo ba Lastone anawayala pa bolodi kuti aliyense aone. Ankaseka ngati mwana.

"Onani apa. Munthu aganiza kuti wapatsidwa bishopu waulere, kansi ndi msampha. Ichi sindinamuphunzitse ine, wachitenga kwina."

Ananyamula kavalo kuti aonetse pamene wopikisana ndi Dainess anakagwera, koma kavaloyo anawapulumuka m'manja n'kugubuduzika pansi pa benchi. Mapalo anawerama kuti atole. Podzuka anapeza ba Lastone atapendekera paphewa la munthu wina, pakamwa patakhotera mbali imodzi.

Kuchipatala anati ndi sitiroko. Dokotala sanalonjeze kanthu. Anati ena amadzuka, ena ayi, tidikire tione. Ba Melody anatulutsa foni pomwepo m'khonde la wodi.

"Ndimuuze mwana akwere basi."

"Mulamu, yembekezani pang'ono," anatero ba Gideon. "Kwatsala magemu awiri chabe, mawa. Zaka zonsezi munthu uyu wakhala akulota za tsiku limeneli. Akadzuka n'kumva kuti Dainess anasiya timu chifukwa cha iye, adzatikhululukira?"

"Nanga akapanda kudzuka?"

Ba Gideon analowa mu wodi, ba Melody ali pambuyo, n'kuwerama pafupi ndi khutu la mnzawo.

"Lastone, ndine Gideon. Timuitane Dainess abwere manje?"

Maso a ba Lastone anatseguka. Milomo inayesa, koma panangotuluka mpweya. Kenako dzanja lamanzere linanyamuka pang'ono pa bulangeti, linagwedezeka uku ndi uku, n'kugwanso.

"Mwaona? Akana," anatero ba Gideon.

"Ine ndaona ngati akumukodola," anatero ba Melody.

Anayang'anizana. Pomaliza ba Melody anabweza foni m'chikwama.

"Inu mwadziwana nawo ine ndisanabwere. Chitani zimene mwaona. Koma mtima wanga sunavomere."

Ba Gideon anatuluka panja n'kuimbira Jackson. Anamuuza zonse, n'kumupempha kuti asonkhanitse mafoni a osewera onse ngati lamulo la timu, kuti maganizo akhale pa bolodi. Jackson anavomera monyinyirika. Kenako ba Gideon anatseka gulu la WhatsApp kuti wina aliyense asathe kulembapo, kupatula iwo ndi Jackson.

Lamlungu m'mawa Kafue inapambananso. Uthenga wa Jackson unafika ba Gideon ali pampando pafupi ndi bedi, ndipo anauwerenga mokweza, mwina mnzawo n'kumva. Ba Lastone sanatsegule maso. Dzuwa lisanafike pamutu, mpweya unatha.

Pofika masana nyumba ya ku Nangongwe inali itadzaza. Azimayi anali m'kati pamphasa ndi ba Melody, amuna panja pansi pa tenti. Mipando itachepa, anyamata anakanyamula benchi ya ku shopu. Ba Gideon anapita kuseri kwa nyumba n'kuimbanso ku Kitwe.

"Jackson, mdala watisiya. Muuze mwana."

"Ba Gideon, alowa kale mu holo. Ine ndine nikulowa manje. Tisewera na timu ya banki ya ku Lusaka. Nimuchotse pa bolodi?"

Ba Gideon anayang'ana khoma la chimbudzi, nkhuku zikupalasa m'munsi mwake.

"Musiye atsirize," anatero. "Manje palibe chothamangira."

Wosewera wachisanu wa timu, wongodikirira pambali, ndiye anatsala ndi foni ya Jackson, ndipo ankatumiza zimene zinkachitika mu holo. Pansi pa tenti mafoni anayamba kutuluka m'matumba mobisa, wina kuika pansi pa chipewa, wina pakati pa mawondo. Manong'onong'o anayenda pa benchi.

"Bolodi yachinayi yagwa."

"Jackson ali shani?"

"Akankhana naye, palibe wopambana. Agawana."

"Nanga mtsikana?"

"Wapereka kwini."

"Wapereka kwini? Wapenga?"

"Wapereka dala, iwe. Ona kavalo pamene ali."

Mkulu wina wa mpingo, amene sankadziwa chesi, anatembenuka n'kuwayang'ana moipidwa. "Abale, tili pa maliro pano kapena pa bola?" Mafoni anabisidwa. Posakhalitsa anatulukanso.

Dzuwa litapendeka zotsatira zonse zinafika. Bolodi yachitatu nayo inagawana, Dainess anapambana, ndipo matimu awiriwo analepherana, awiri kwa awiri. Asilikali anatenga chikho. Kafue, timu ya pa benchi ya shopu yometera, inakhala yachiwiri m'dziko lonse, ndipo Dainess anasankhidwa kukhala wosewera wabwino koposa pa bolodi yachiwiri. Mapalo anadumpha, mawu atatuluka kale pakamwa, kenako anakumbukira pamene anali. Anagwira pakamwa ndi manja onse n'kukhala pansi, misozi ikuyenderera pa zala.

Sipanapite nthawi, foni ya ba Lastone inalira m'thumba la ba Gideon. Anali ataitenga kuchipatala pamodzi ndi zovala. Anaona dzina la Dainess n'kuimirira kuti aiyankhe.

"Atate! Mwaona? Mwaona kwini uja?"

"Dainess, ndine ankolo Gideon."

"Aa, ba ankolo, muli pa shopu? Apatseni atate, Jackson anatilanda mafoni kuyambira dzulo, ngati tili ku boding'i."

"Mwana wanga, atate ako sali bwino. Adwala kwambiri. Ukwere basi yoyamba imene upeze."

M'nyumba achinyamata a kwaya anali atayamba nyimbo, ija yoimba pang'onopang'ono yopanda ng'oma.

"Ba ankolo, nyimbo iyo ni ya chani?"

Ba Gideon anamva foni ikugwa pansi kutali ku Kitwe, ndi mawu a Jackson akuitana dzina la mtsikanayo.

Dainess anafika m'mawa mwake, Jackson atamugwira mkono. Anadutsa pakati pa amuna osayang'ana aliyense, n'kukagwera pamiyendo ya amayi ake. Tsiku loika maliro anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku Shimabala, ena osewera a matimu a ku Lusaka amene ba Lastone sanawaonepo. Wolankhula aliyense ankatchula za nambala yachiwiri, kuti malemu apita atasiya chipatso. Dainess ankangoyang'ana dothi.

Anthu atabalalika, anapeza ba Gideon akuthandiza kugwetsa tenti. Anawapempha kuti apite naye pambali. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, koma mawu ake anali ouma.

"Amama andiuza kuti atate anagwa Loweruka masana."

"N'zoona."

"Ndipo anamwalira Lamlungu, dzuwa litakwera."

"N'zoona, mwana wanga."

"Mabasi a ku Kitwe amayenda usiku wonse, ba ankolo. Ndikanawapeza."

"Ndinawafunsa. Ndinaona ngati akana. Ndinaganiza kuti adzadzuka, udzawapeze ndi mendulo m'manja."

"Mwina anakanadi. Atate ndimawadziwa. Koma munafunsa munthu amene sakanatha kuyankha, ine amene ndikanatha simunandifunse. Mwina ndikanasankha kutsala ndekha. Manje sindidzadziwa."

Ba Gideon anaweramitsa mutu. Chingwe cha tenti chinali chikadali m'manja mwawo.

"Lamlungu m'mawa ndinaseka kwambiri," anapitiriza Dainess. "Tinadya nshima na nkhuku, ndikusereula Jackson kuti wakhala duu ngati wafedwa. Inu nonse munali kudziwa."

Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Pa shopu nkhaniyo sinathe msanga. Gulu la WhatsApp litatsegulidwanso, mauthenga oyamikira ndi opepesa anasakanikirana, chithunzi cha timu itavala mamendulo chili pamwamba pa chithunzi cha bokosi. Ena ankati ba Gideon anachita bwino, mdala akanachita chimodzimodzi, ndipo popanda Dainess Kafue ikanathera kumchira. Ena ankati mendulo sigwira munthu dzanja pomwalira. Mapalo ankasintha mbali malinga ndi amene walankhula pomaliza. Panali ngakhale amene ankalimbikira kuti Jackson akanapanda kudziwa za maliro akanapambana gemu yake yomaliza, mwina chikho n'kubwera ku Kafue. Ba Gideon ankangometa, osaponyapo mawu. Munthu akawafunsa maganizo awo, ankamufunsa ngati afuna achepetsenso m'mbali.

Dainess sanabwerenso pa benchi. Ankadutsa njira ya kuseri kwa msika popita kuntchito. Jackson anapita kukapepesa kunyumba, ndipo anamulandira bwino, anamupatsa tiyi, koma za chesi sanafune kumva. Ba Melody sanawanenepo ba Gideon choipa kwa munthu aliyense. Ankawapatsa moni kutchalitchi monga kale, kungoti sankaimanso kuti acheze.

Mvula itayamba, kunamveka kuti timu ya banki ija yamupezera Dainess ntchito ku Lusaka, kuti aziisewerera. Pa benchi ena anati watigulitsa. Ba Gideon anazimitsa makina n'kuponyapo mawu koyamba kuyambira pa maliro, amvekere aliyense wofuna kulankhula zimenezo akalankhulire kwina.

Tsiku lonyamuka ba Gideon anamuona Dainess ali yekha m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, ndi sutikesi yaikulu ndi chikwama chakumsana. Anasiya kasitomala pampando n'kuwoloka.

"Ndikunyamulire, mwana wanga."

Dainess anazengereza, kenako anasiya chogwirira. Anayenda limodzi kulowera pamene minibasi zimaima, akulambalala zithaphwi.

"Sindikudani, ba ankolo," anatero asakuwayang'ana. "Ndayesa kubwera pa shopu. Ndimafika pa kona, miyendo ikana."

"Ndamva."

"Amama muziwaona. Denga la kukhitchini lidontha, ndipo sadzakuuzani."

"Ndidzapita mawa."

Kondakitala anathamangira sutikesi n'kuikankhira pansi pa mpando wakumbuyo. Dainess anakwera, nakhala pakati pa mayi wonyamula dengu la tinsomba ta kapenta ndi mnyamata wa sukulu. Minibasi inadikira munthu mmodzi wotsiriza, ndipo nthawi yonseyo ba Gideon anaima pomwepo, manja kumbuyo, mvula yowaza ikunyowetsa malaya awo antchito. Itanyamuka anawolokanso msewu. Kasitomala uja anali akadali pampando, mutu wometedwa mbali imodzi, ndipo sanadandaule.