Kuperekeza Mlendo wa Boma

Abambo Geofrey ndi munthu wovuta, ndikuuzeni. Chiwagwireni sitiroko dzanja lamanja linafa, mwendo amachita kuukoka, koma mukawafunsa mmene adzukira yankho ndi limodzi: "Ndili bwino, kaya inu."

Akazi awo, Amayi Jessie, bodza limeneli linkawasowetsa mtendere. Banjali linapeza mapepala okhalira ku Joni kalekale, ndipo chithandizo cha boma cha olumala ndicho chinkalipira kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya eni ku Mamelodi. Tsopano boma linkafuna kuonanso ngati bamboyo akuyenera kumalandirabe. Poti sakanatha kukaima pamzere, a ku ofesi anati atumiza munthu.

"Lero musadzilimbitse, abambo," anachonderera Jessie. "Munene mmene zilili."

Nanga anamva? Anavala suti ya kutchalitchi, ndodo nkuibisa kunsi kwa bedi, dzanja lakufalo nkuliponya m'thumba. Ati mlendo salandiridwa ndi nkhope ya matenda.

Anafika Mayi Ledwaba a ku ofesi kuja, otopa kale, foni ikungolira. Anafotokoza m'Chingelezi kuti tsikulo analigawa: makomo a ku Mamelodi m'mawa, a ku Hammanskraal masana, choncho sakhalitsa. Atafunsa za m'thupi, bamboyo anamwetulira nkunena kuti akupeza bwino kwambiri, ngakhale khasu atha kuligwira. Mayiyo analemba. Eish, chipinda chapita basi, anatero Jessie mumtima.

Mlendo atatsanzika, bamboyo anadzuka movutikira. Kwathu mlendo sasiyidwa pakhomo, amaperekezedwa mpaka kumsewu, ndipo Abambo Geofrey sakanalola kuti mwambo uthere pa iwo. Mayi Ledwaba anakana, iwo anaumirira.

Ndodo paja ili kunsi kwa bedi. Anayenda chogwira khoma, mwendo ukukokeka m'fumbi, thukuta lili kamukamu. Khoma litatha anaima. Geti linali pomwepo, koma kwa iwo kunali ngati ku Lilongwe.

Mayi Ledwaba anawayang'ana. Kenako anawapatsa phewa, nkubwerera nawo pang'onopang'ono mpaka pampando. Anaimbira mnzawo wa ku ofesi kuti awayambire makomo a ku Hammanskraal, iwo adzamubwezera tsiku lina. Ndiye anakhalanso pansi.

"Tiyambirenso," anatero. "Koma pano ayankhe ndi amayi."

Jessie ananena zonse: kuwasambitsa, kuwadyetsa, mabatani omwewo a sutiyo kuti amanga ndi iwo. Mayiyo anakonza tsiku loti dokotala awaonenso bamboyo, ndipo chithandizo sichinaime.

Pochoka kachiwiri, Jessie ndiwo anaperekeza mlendoyo mpaka kumsewu, atamunyamulira chikwama. Chingelezi chothokozera chinawathawa. Anangogwada pamchenga nkuwomba m'manja mwachikwathu, misozi ili mbwembwembwe, anthu a m'matakisi akuwayang'ana. Sanachite manyazi ngakhale pang'ono.

Abambo Geofrey mpaka lero amati mayi uja anali waulemu ndithu, kungoti sanawakhulupirire kuti ali bwino.