Timitengo ta Che Idi

"Musazule ngakhale kamodzi!" anakuwa Kuluthumu akutsetsereka kudambo, kamera ya malemu mwamuna wake, Che Idi, ikulendewera m'khosi ngati belu la ng'ombe.

A Makaiko anali atagwira kale kamtengo koyamba. Anali mkulu wa mpingo, wopuma pantchito ya ulonda ku Limbe, ndipo anabwerera kumudzi sabata yomwe ya maliro a Che Idi. Pamaliropo anakhala mwaulemu, chipewa pabondo, mpunga wa sadaka nkudya mosachita manyazi. Koma atapita kukaona dimba lawo, lomwe zaka zonsezi linali m'manja mwa obwereka, anapeza timitengo tansungwi titazikidwa pamzere woongoka, kulowa mbali yawo kutalika kwa mpini wa khasu. Pofika madzulo, Domasi yense anali atamva kuti Che Idi ankaba malo pang'onopang'ono ngati chiswe.

"Iwe Kuluthumu, wamasiye amatuluka m'nyumba chonchi?" anatero Che Nasser, mlongo wake, mwini mbumba. "Bwerera. Nkhani ya malire ndi yanga."

"Achimwene, dzina la mwamuna wanga likugona panja. Ine ndikhalirenji m'nyumba?"

Che Nasser, wogulitsa kaunjika pa Songani, analibe chizolowezi chobweza chinthu chomwe chagwera m'thumba mwawo. Mlamu wawo ali moyo ankamutcha chitsiru chokwawa m'matope kuthamangitsa tizilombo tosadyedwa. Lero anali atasintha nyimbo.

"Alamu anali munthu wanzeru," anatero, akuloza timitengo. "Ngati anazika apa, malire enieni ndi apa. Inu a Makaiko, m'tauni mwakuiwalitsani."

"Mtumbira uwu anaunda ndi amayi anga, inu musanamere mano!" anayankha a Makaiko, akuponda mtumbira wa malire. "Wakufa sitimunena, koma wakuba ndi wakuba."

Kuluthumu anawayang'ana onse awiri. Mbali imodzi mwamuna wake ankatchedwa mbala, mbali inayo ankamuyamikira chifukwa cha umbava womwewo.

Che Idi anajambula maukwati ndi zithunzi za ziphaso pa Songani mpaka mafoni atawalanda msika. Kenako anatembenukira kwa atombolombo. Ankati anthu amavuta, aliyense amafuna umuchotsere makwinya, pomwe tombolombo sanabwezepo chithunzi. Kuluthumu sanatsikepo nawo kudambo ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yake inali kuchapa malaya amatope, kusoka zigamba m'zigongono, ndi kulalata. Koma munthu ukagona naye nyumba imodzi, nkhani zake zimalowa m'khutu ngakhale ukutsuka mbale.

Kuluthumu anayenda pamtumbira akuyang'ana pansi mofufuza, poti zonse ankangozidziwa pakumva. Moyang'anizana ndi kamtengo kachitatu anaona timaenje tiwiri, tosalala ngati mkati mwa chikho. Anakokera chitenje, nagona chafufumimba m'mphepete mwa mpunga wawo, naika zigongono m'timaenjemo.

"Taonani, mutu wayamba kuzungulira," anatero Che Nasser.

"Khalani chete, achimwene. Ndipo sunthani, mthunzi wanu wafika pakamtengo."

Anayatsa kamera. Pakagalasi ka kumbuyo panangooneka chifunga chobiriwira. Anapotoza diso la kamerayo uku, chifunga. Anapotozera uko, chifunga chokhachokha. Kenako, atapotoza mpaka pomwe diso linakana kupitirira, nsonga ya kamtengo inatulukira, yakuthwa, ulusi uliwonse wa nsungwi ukuoneka.

"A Makaiko, tagwadani apa."

"Ine buluku ili ndi la ku tchalitchi, mayi."

"Mulungu analenga matope asanalenge buluku. Gwadani."

A Makaiko anagwada, mawondo akulira ngati chitseko chakale.

"Zulani kamodzi ako ka kumapeto, muzike pamalire enieni, pamphuno panga pano."

Anazula, nazika. Kuluthumu analozetsa kamera pamenepo. Kamtengo kanasungunuka, kukhala ngati utsi.

"Mwaona? Diso ili ndi ngati la nkhalamba yowerenga nyimbo, chapafupi kwambiri siliona. Limafuna mpini umodzi wa khasu. Malemu ankagona pano kujambula atombolombo otera patimitengoti, ndiye kamtengo kalikonse kanayenera kukhala mpini umodzi kutsogolo. Mzere wanu woongoka ndi umenewo."

"Nanga osazika mbali yanu bwanji?" anafunsa a Makaiko, mawu atatsikako.

"Tembenukani muone."

Onse anatembenuka. Kum'mawa dzuwa linali kuthobwa m'maso, ndipo pansi pake, pakamtunda, panaima chimbudzi cha Che Nasser, chiguduli cha pakhomo chikuuluzika.

"Ankati chithunzi chimayamba ndi za kumbuyo," anatero Kuluthumu. "Mbali yanuyi dzuwa limakhala kumsana, kumbuyo kwa tombolombo kuli phiri basi, patali, lofewa ngati nsalu. Mbali yathu kuli ulemerero wa achimwene."

A Makaiko anaseka mpaka kutsokomola. Che Nasser sanaseke.

"Nthano zimenezo," anatero. "Kachilombo kali ndi dambo lonse, kangasankhe kamtengo ka alamu? Kuluthumu, ganiza za ana. Mzere umenewu ndi mpunga, ndipo anakusiyira ndi mwamuna wako."

"Anandisiyira kamera ndi malaya obooka. Za mzere sanandiuze. Dikirani muone."

Anadikira. Dzuwa linakwera, mame anayamba kuuma pamasamba a mpunga. Pamsewu wa Liwonde kondakitala ankaitanira anthu a ku Zomba. Che Nasser anayang'ana foni, naibweza m'thumba, naitulutsanso. Khosi la Kuluthumu linauma, nyerere inamuyenda pamwendo, koma sanagwedezeke. Malemu ankati tombolombo ndi mlenje waulesi, amakonda pamalo pamodzi poonekera, akauluka amabwerera pomwepo. Usamuthamangitse, umukonzere mpando.

Anabwera tombolombo wofiira ngati tsabola wakupsa. Anazungulira, naima m'malere, natera pansonga ya kamtengo kachitatu, mapiko nkugwetsera kutsogolo.

"Uyo!" anakuwa Che Nasser, akuloza ndi dzanja lonse.

Tombolombo anathawa.

"Che Nasser, mukuyesa muli pamsika?" ananong'ona a Makaiko mwaukali. "Khalani pansi!"

Che Nasser anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina wowaona, kenako ananjuta.

Posakhalitsa wofiira uja anabwerera pansonga yomweyo. Kuluthumu anasuntha phewa pang'onopang'ono mpaka thupi lonse la kachilomboko linagona chopingasa pagalasi, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mukamudzera kumaso, mchira umasowa, ankatero malemu. Mudzereni m'mbali, ndipo diso lake likhale loyamba kuwala. Anasiya mpata kutsogolo kwa mutu, kuti akhale ndi koulukira. Anagwira mpweya, nadina.

Mitu itatu inaunjikana pakagalasi. Mchira unali utadukako pang'ono, chithunzi chitapendekeka. Koma mapiko anaoneka ngati ukonde wa usipa, ndipo kumbuyo kunali phiri lokhalokha.

A Makaiko anayang'ana timaenje ta zigongono, kenako mzere wonse wa mtumbira. Pa kamtengo kalikonse panali timaenje tiwiri, tonse mbali ya Che Idi.

"Mayi, pakamwa panga panathamanga," anatero. "Amene ndinawauza, ndikawauzanso."

Anatola kamtengo komwe anazula kaja, nayeza ndi mpini wa khasu lawo kuchokera pamalire, nakazika m'dimba mwawo. Che Nasser anayang'ana mzere wa mpunga uja monga momwe munthu amayang'anira minibasi yomwe yamusiya, nanyamuka osatsanzika.

Kuluthumu anadzuka pomalizira. Zigongono za bulauzi yake zinali zakuda ndi matope, pamalo penipeni pomwe ankasoka zigamba. Anatambasula dzanja kuti asase, kenako analibweza, nakwera kumudzi ali choncho.