Ngodya Zinayi za Dziko

Tiyi anali atayamba kale kuthiridwa m'makapu pamene Bambo Yoramu anamenya Baibulo lawo ndi chikhatho. Linali Loweruka masana, m'mwezi wa Ogasiti 1976, ndipo mapemphero a mlaga anachitikira m'nyumba mwawo ku Highfield, lokesheni ya anthu akuda kudziko la eni kumene azungu ankalamulirabe. Anthu anali atapanikizana pabalaza, amuna pamipando, amayi pamphasa.

"Abale, zinalembedwa poyera," anatero. "Angelo anayi anaima pa ngodya zinayi za dziko. Tsono tandiuzani, mpira uli ndi ngodya? Azungu analanda anthu minda, lero akufuna kulandanso nthaka yomwe tapondayi, ati ndi mpira woyandama m'mwamba!"

Anthu anaseka, ena akugwedeza mitu movomereza. Bambo Yoramu anali mkulu wa mpingo wolemekezeka. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo zaka zonsezi ankasonkhezera malasha pa fakitale ya fodya ku Willowvale. Kusukulu sanapondeko. Kuwerenga anadziphunzitsa okha ali kale ndi ndevu, chala chili pa mzere, ndipo buku limene anaphunzirira linali lomwelo anali atagwira m'manjalo.

Bambo Fackson, telala wa pa msika wa Machipisa, munthu wosatha kukhala osaseleula, analoza mtsikana amene anagwada pakhomo ndi ketulo.

"Akulu, bwanji osafunsa aphunzitsi athu awa? Fomu 4 si masewera ayi."

Mtsikanayo anali Lidiya, mwana yekhayo wa Bambo Yoramu amene anakula; abale ake awiri anamwalira ali makanda. Mayi ake, Mayi Esinati, anamuyang'ana ndi diso lomuletsa, koma iye sanawaone.

"Ndi lozungulira, Baba," anayankha motsitsa mawu. "Anthu amene anapita kumwezi analijambula. Ndiponso Yobu akunena kuti Mulungu anapachika dziko popanda chogwirizira. Za ngodyazo ndi kalankhulidwe chabe, ngati mmene timanenera kuti dzuwa lalowa, chikhalirecho palibe nyumba imene limalowamo."

Kenaka Bambo Fackson anawomba m'manja.

"Maiwe! Akulu a mpingo alephera mayeso!"

Kuseka kumene kunatsatira sikunali kwa chipongwe, koma kwa Bambo Yoramu kunali ngati awavula malaya pamsika. Anatseka Baibulo, napempha wina kuti apemphere.

Alendo atapita, anamuitana Lidiya.

"Loweruka likubwerali ukaime pamaso pa anthu omwewa, ukanene kuti unalakwitsa."

"Ndikapepesa chifukwa chokuyankhani pagulu, Baba. Pamenepo ndinalakwadi. Koma sindinganene kuti dziko ndi lathyathyathya."

"Ndiye kuti Mawu a Mulungu ndi abodza?"

"Sindinatero ine."

"Sukulu yakulowa m'mutu. Kuyambira Lolemba usapondekonso."

Mayi Esinati anagwada. "Bambo ake a Lidiya, mayeso atsala miyezi itatu yokha. Mulangeni mwa njira ina."

"Ndalankhula," anatero, natuluka panja.

Mumtima ankadziwa kuti pakangotha sabata imodzi mwanayo adzagonja, iwo n'kumubwezera kusukulu. Koma Lidiya anatengera mutu wa bambo ake. Anapinda yunifolomu, nayamba kuthandiza mayi ake kugulitsa tomato ndi lepu pa Machipisa. Madzi osamba ankawaikira bambo ake, moni ankawapatsa atagwada, koma kupitirira apo panalibe. Mphunzitsi wake anabwera kawiri kudzadandaula. Bambo Yoramu anamulandirira pachipata. Novembala anafika, anzake analemba mayeso, iye akuwaza madzi pamasamba.

M'mawa wina mu Disembala ananyamula dengu kuti akukagula tomato ku Musika, msika waukulu wa mumzindamo. Sanabwerere. Tsiku lomwelo anasowanso Francisca, mnzake wa kusukulu, mwana wa Mayi Serafina a ku Tete amene ankakhala mzere wachiwiri wa nyumba. Masiku amenewo aliyense ankadziwa kumene ana a sukulu amapita akasowa chotero: ankakwera basi ya ku Umtali, tauni ya kumalire, n'kudutsa mapiri wapansi kulowa ku Mozambiki, kukaphunzira kugwira mfuti pa nkhondo yolimbana ndi boma la azungu.

Apolisi ovala zovala wamba anabwera patapita sabata. Bambo Yoramu, amene sanali kunama ngakhale pa nthabwala, anawauza kuti mwana wawo anapita ku Ntcheu kukasamalira azakhali ake odwala. Apolisiwo analemba, nayang'ana m'zipinda, napita.

"Mukuganiza kuti akanakhala kusukulu akanapita?" anafunsa Bambo Yoramu tsiku lina.

"Francisca anali kusukulu, wapita," anayankha Mayi Esinati osasiya kusankha nyemba. "Koma wanga sanali kusukulu. Zimene ndikudziwa ine ndi zomwezo."

Funso la dziko lija linayamba kuwadya. Pa nthawi yopuma kufakitale ankakhala paokha kuseri kwa mulu wa malasha, akutsegula Yobu, akutsegula Yesaya, akubwerera ku Chivumbulutso. Potsiriza, Lamulungu lina anthu atabalalika, anatsalira m'tchalitchi nawapeza abusa, Bambo Hector, akuvula mkanjo.

"Abusa, mundiuze mosabisa. Malembo akuti dziko ndi lotani?"

Abusawo anawakhazika pabenchi.

"Akulu, inu mukamati mbiri yafika kumalekezero a dziko, mumatanthauza kuti kuli phompho? Aneneri ankalankhula monga anthu amalankhulira. Buku ili silinalembedwe kuti litiyezere dziko. Linalembedwa kuti tidziwe Mwini dziko, ndi mmene tingakhaliremo ndi anzathu."

"Koma ndi lozungulira?"

"Ndi lozungulira."

"Nanga bwanji simunandiuze nthawi ija?"

"Ndinabwera kwanu kawiri, akulu. Munati za m'banja mwanu muzithetsa nokha."

Bambo Yoramu anayenda wapansi mpaka ku bwalo la mpira la Gwanzura, nazungulira mpanda wa bwalolo osadziwa chimene akufuna. Kunyumba sananene kanthu. Anaganiza kuti adikira Lidiya mwini wake. Nkhondo ikadzatha adzamukhazika pampando, iwo n'kupepesa, ndipo mayeso amalembedwa chaka chilichonse.

Uthenga unafika mu Janyuwale 1978. Mayi Serafina analowa osagogoda, nakhala pansi pafupi ndi chitseko, mpango uli kukamwa. Mlongo wawo, woyendetsa lole, anali atakumana ndi munthu wochokera kutsidya kwa malire. Ndege zinaponya mabomba pa msasa umene atsikanawo ankakhala. Francisca anapulumuka ndi bala pamwendo. Lidiya anali pansi pa mtengo akuphunzitsa ana othawa nkhondo kuwerenga, ndipo anaikidwa m'dzenje limodzi ndi anawo.

Mayi Esinati analira mpaka mawu anatha. Bambo Yoramu anangokhala, manja ali pamaondo.

Maliro analibe mtembo, ndipo zoona zake sizikanatheka kunenedwa, poti pagulu lililonse pankakhala makutu a boma. Akuluakulu anagwirizana kuti anthu auzidwe kuti Lidiya wamwalira ndi malungo ku Ntcheu. Bambo Fackson analemba mbiri yake papepala, nawapatsa bambo a mwana kuti akawerenge.

Masana a tsiku lachiwiri anthu anadzaza pabwalo mpaka mumsewu. Bambo Yoramu anaimirira, pepala lili m'manja. Anawerenga dzina ndi chaka chobadwa. Atafika pa mawu akuti malungo, anaima. Anapinda pepalalo.

"Ambiri a inu munalipo m'nyumba muno tsiku lija," anatero. "Mwana wanga ananena zoona. Ine ndinali wolakwa, ndipo ndinamuchotsa sukulu chifukwa cha manyazi. Akanakhala kuti ine..."

Bambo Fackson, poopa kuti anena zambiri, anayambitsa nyimbo mokweza, misozi ikutsika m'masaya. Amayi a chigwirizano anailandira, ndipo mawu a Bambo Yoramu anamira m'menemo. Anaimabe kanthawi, milomo ikugwedezeka, mpaka abusa anawagwira mkono n'kuwakhazika pansi.

Lamulungu lotsatira Bambo Yoramu sanapite kukakhala kutsogolo pamodzi ndi akulu anzawo. Anauza abusa kuti asankhe wina, nakakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi khomo. Mapemphero atatha, Mayi Esinati, amene anali asanawalankhule chifikire uthenga uja, anatuluka ndi amayi anzawo. Atafika pachipata anaima, nawalola anzawowo kuti atsogole.

"Tiyeni," anatero Mayi Esinati, amuna awo atawapeza. "Kunyumba kulibe wina woti atidikire."